Dzina Langa Pabwalo la Mavu

Loweruka lililonse Mavu a ku Linga akamasewera pakwawo
dzina langa limatuluka m'kamwa mwa anthu mazanamazana.
Ena amagula mandasi anga pageti
osadziwa kuti Asiyatu akumuimbayo
ndi yemwe akuwabwezera chenji.

Nyimboyi anaipeka Twaibu Chimphepo,
uja anapita ku Beira kukamenya mpira wa malipiro,
nambala naini, mwendo wamanzere wosafunsa.
Bondo litaguluka, miyezi isanu ali pandodo,
analowa m'situdiyo, akuti kutaya nthawi chabe,
n'kutulukamo atandinyamula ine.

"Tsegula, Asiyatu, mvula yandipeza pakhonde."
Mawu ake ndi omwewo, obwerezabwereza,
ndi kagitala kolira ngati mwana womukana bere.
Inayambira m'mashopu ometera,
inakwera minibasi za ku Dwangwa,
inalowa m'mafoni a anyamata a kabaza.
Ndinati itha, nyimbo zimatha ngati mango.

Koma tsiku lina Mavu akusewera ndi a ku Benga,
dzuwa lapendeka, chigoli palibe,
goloboyi wa alendo watseka ngati wabisamo ndalama,
munthu wina wosasa mawu kuseri kwa golo
anamukuwira kuti: Tsegula, Asiyatu!
Bwalo linaseka, kenako linavomera:
mvula yandipeza pakhonde!
Mpira wapakona unagunda ntchafu ya wina
n'kugubuduka kulowa muukonde mwamanyazi.
Kuyambira pomwepo goloboyi aliyense wa alendo ndi ine.

Anailemba pansalu yachikasu, zilembo zopendama.
Ana a sukulu amaiimba pothamangitsa mpira wa majumbo.
Ngakhale bambo a Shukurani, amuna anga,
amaiimba chamumtima akamamata chubu cha njinga.
Amadziwa. Anandifunsa kamodzi kokha:
kodi mvulayo inagwadi?
Ndinati inagwa. Anapitiriza kupopa tayala.

Zomwe nyimbo sinena ndi izi.
Unali Januwale, mayi ali gone pamphasa sabata yachitatu.
Zoti wasayina ndinazimvera pawailesi,
osati pakamwa pake.
Anabwera usiku, tikiti ya munthu mmodzi m'thumba,
malonjezo a anthu awiri pamilomo.
Ndinaima kuseri kwa chitseko, dzanja pa mpiringidzo.
Ndinawerenga: anagogoda kasanu ndi kawiri.
Akanagogodanso kamodzi, kaya.
Ndinangomva nsapato zikuphwatula matope kulowera kumsewu.
M'mawa ndinapeza jezi yake pakhonde, ili chonyowa.
Mpaka lero ndimaphulira chiwaya,
naini uja anapsa, watsala ngati mbedza.

Mwezi watha anabwera ngati mlendo wolemekezeka,
magalasi akuda, akutsimphina pang'ono,
mimba yayamba kutsogola.
Anamupatsa chimkuzamawu, koma sanamulole kuimba.
Anangoti "Tsegula," bwalo n'kumulanda,
ng'oma, mavuvuzela, azimayi nthungululu,
iye n'kutsala chiimire pakati pa nyimbo yake
ngati munthu wobwerera kwawo
n'kupeza nyumba yake asandutsa sitolo.
Anayang'ana pageti? Sindikudziwa,
ndinali kuthamangitsa ntchentche pabeseni.

Tsikulo alendo anabwera ndi goloboyi wowonda,
kamnyamata ka magolovesi ong'ambika,
masokosi osiyana mitundu.
Anamuitana dzina langa kuyambira wezulo yoyamba.
Anamuimbira monyengerera, anamuimbira mokalipa,
anamuimbira mpaka mawu kuwathera.
Iye anagwira wam'mwamba, anagwira wapansi,
penate anaikankhira kunja ndi nsonga za zala
n'kudzuka fumbi lili m'mano.
Wezulo yomaliza: palibe walowa.

Anthu anatuluka akutukwana oyimbira.
Kamnyamatako kanadutsa pageti kali kokha,
chikwama paphewa, chigongono chikuwukha magazi.
Ndinakaitana, ndinakulunga mandasi atatu m'nyuzi.
Kanapisa m'thumba, ndinati ayi, tenga.
Kanafunsa: chifukwa chiyani, mayi, si ndinu a Mavu?
Ndinati dya, mnzanga wa dzina,
ndikudziwa kulemera kwa chitseko.