Diso Latsopano pa Kanjala

Anamatula thonje ku Mwami Lachisanu.
Sabata itatha atate anati, Ndiperekeze kuphiri,
ndikaliyese diso ili ngati si labodza.

Tinayamba kukwera dzuwa lisanakwiye,
iwo patsogolo, ndodo ataiiwala dala kuseri kwa chitseko,
ine pambuyo ndi botolo la madzi
ndi mankhwala odontheza aja m'thumba la diresi.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuwagwira mkono:
apa pali mwala, apa ngalande, apa kwezani phazi.
Lero dzanja langa linasowa ntchito,
linkangothyola udzu m'mbali mwa njira.

Tinapumula katatu.
Kachitatuko wotopa ndinali ine.

Pamwamba, m'tsinde mwa nsanja zachitsulo za mafoni,
tinapeza ena atatitsogolera.
Amayi anayi a mpingo atagwada pathanthwe, ovala zoyera,
mnyamata ndi mtsikana akunyemerana bisiketi imodzi
ngati kuti m'tauni monse mulibe mthunzi,
ana asukulu akujambulana,
aliyense akufuna Chipata yense kumbuyo kwake.
Mphepo inkanunkha lupsa.

Atate anaima, natseka diso lakale ndi chikhatho.

Chipata anali chigonere m'mbale yake ya mapiri,
malata akunyezimira ngati kapenta woyanika pamphasa.
Uko ndi ku Kapata, anatero, ndazindikira fumbi lake.
Uwo ndi mzikiti, nsonga zake sizinasinthe.
Nanga nyumba zakwera phiri lija, anazibzala ndani?
Ndinkakumba mbewa pamenepo ine.
Ndinati, Ndi mapuloti, atate, anagulitsa kalekale.
Anati, Ooo. Mbewa nazo zinalandirako ndalama?

Msewu wa ku Lusaka unkatuluka m'tauni ngati lamba womasuka,
basi imodzi ikukwawa pamenepo, kachikumbu chabe.
Njinga sizioneka kuchokera kuno
koma iwo anati akuziona zonse,
poti zaka makumi atatu anapalasa misewu imeneyo:
matumba a makala, amayi apakati, mbuzi yomanga miyendo,
tsiku lina kabokosi ka maliro a mwana wa eni.
Tauni yonseyi ndinaiyeza ndi ntchafu, anatero.
Sindinkadziwa kuti imakwana m'chikhatho.

Kenaka anafunafuna Nabvutika.
Anawerenga madenga ndi chala
kuyambira pa mtengo wa mango wa kwa aDaka,
nasokonezeka, nayambiranso.
Ilo! La matayala awiri pamwamba.
Amayi ako ndiwo anawakweza chaka cha chimphepo chija,
ine nditagwira makwerero, ndikunjenjemera.
Anaseka.
Kenaka sanasekenso.
Diso latsopano linayamba kuchucha
ndipo ndinaopa, poti adokotala anati lisanyowe.

Amayi a mpingo anayamba nyimbo chapansipansi.
Khwangwala anadutsa kumunsi kwathu,
kumunsi kwathu ndithu, tikuona msana wake.

Ndinatsegula kabotolo. Yang'anani kumwamba, atate.
Sanayang'ane kumwamba.
Anandiyang'ana ine, nthawi yaitali,
monga munthu wowerenga kalata yofika mochedwa.
Tikambenji, anatero, imvi izi unazitenga liti?
Ine ndinakusiya ndi tsitsi lakuda bii.

Ndinafuna kunena kuti m'mizere ya kuchipatala,
kumsika tomato akuola wosagulidwa,
usiku uja munagwera m'ngalande,
chaka chija ukwati unatha, chifukwa chake osakuuzani.
Ndinangoti, Ndi fumbi la m'njira, atate.
Anandipukuta pamutu ndi chala chachikulu, kawiri.
Silikuchoka, anatero.

Potsika ananditsogoleranso.
Pamalo poterera anatembenuka, natambasula dzanja.
Apa pali mwala, mwanawe.

Mwalawo ndinali nditauona kale.
Ndinagwira dzanjalo.