Mapiritsi Achikasu

Zaka zinayi Twaibu osagwa.
Timapiritsi toyera, m'mawa ndi usiku,
mpaka anagula njinga ya kabaza
n'kumawoloka nayo mlatho wa Shire akuimba likhweru.

Lolemba lija, pawindo la chipatala,
anandipatsa achikasu m'kapepala.
"Ndi omwewo, mayi, yasintha ndi fakitale yokha."
Ndimati ndifunse. Mzere unandikankha.

Mwina ndi omwewodi.
Koma thupi la mwana wanga siliwerenga zilembo.
Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti kwa Mponda,
anagwa, gudumu likuzungulirabe,
tomato wa kasitomala ali mbwee m'fumbi.

Kabokosi kakale ndakamanga pampango.
Mawa ndikakatula patebulo la adokotala
pambali pa achikasuwa,
ndipo ayitane wina ayitane,
ine pampando sindidzuka.