Mphepete mwa Bala

M'mawa uliwonse ndimamunyamula pa kabaza
kuchoka kwa M'baluku mpaka pa geti la chipatala,
Lukia mlongo wanga, amene ena amati Dokotala Mdoka.
Salipira.
Tikagunda bampu tisanakwere mlatho wa Shire
dzanja lake limagwira mkono wanga wamanzere,
penipeni paja.

Iye anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ine zinayi.
Ankawerenga usiku, ine ndikukanganira chithunzi cha m'bukumo,
chigongono chake chinakankha koloboyi
ndipo palafini anandiyenda ngati akundidziwa.
Amayi anaswerapo dzira, azakhali anapakapo mankhwala otsukira mano,
wina anathamanga ndi inki.
Miyezi itatu ntchentche zinkanditsata ngati ndili nazo ngongole.
Lukia ankaziingitsa ndi chivindikiro cha poto,
kukamwa kuli chete, maso ali pa bala.

Maso amenewo sanachokepo mpaka lero.

Anapita ku Blantyre, kenako kutali kozizira
kumene ankatitumizira makalata onunkhira mankhwala.
Anabwerako patatha zaka khumi ndi chimodzi
ndi magalasi, chifuwa chosamva mapiritsi,
ndi funso limodzi lokha:
bwanji zilonda zina zimatseka, zina n'kukana?

Tsiku lina anandilowetsa mu labotale, nditasamba m'manja kawiri.
M'kambale kagalasi ankaweta maselo a khungu.
Anakandamo mzere ndi kansonga, dala,
nati, ubwere mawa.
Mawa lake ndinasuzumira pa maikulosikopu:
tinthu tija tinali titayamba kukwawa,
ta tsidya lino ndi ta tsidya lija,
kufunana popanda kapitawo, popanda wowerenga maina.
Ndinafunsa, akutiuza ndani?
Anaseka. Ndicho chimene ndimalandirira malipiro, mchimwene,
ndipo sindinachidziwebe.

Zaka zisanu ndi ziwiri anayesa uchi wa ku Namwera
ndi utomoni wa papaya wosapsa.
Magetsi anazima masiku anayi, jenereta ilibe dizilo,
zonse za mufiriji zinasungunuka n'kununkha.
Ndinamupeza akutsuka timbale tija yekha.
Sanakwere njinga tsiku limenelo. Tinayenda pansi,
ine ndikukankha, iye akuwerenga pa zala
miyezi yoyambiranso.

Che Jawadu, telala wa pamsika, shuga inawadya chidendene.
Lachiwiri lililonse ankaika pepala loonekera pa chilondacho
n'kujambula mphepete mwake ndi cholembera chofiira.
Sabata ina mzere unalowa m'kati ngati njere ya mpunga.
Lukia anavina m'khonde la wodi, manesi akumuyang'ana.
Chovala choyera chimene amavala lero anasoka ndi iwowo.
Koma Abiti Saizi a ku Makanjira anadulidwa mwendo,
ndipo mapepala awo amawasungabe m'kabati yapamwamba,
mizere khumi ndi isanu, uliwonse waukulu kuposa unzake.

Amati chipsera ndi ntchito ya changu.
Thupi limasoka mothamanga kuti munthu asafe,
silifunsa za kukongola,
limaiwala kubwezerapo ubweya ndi tiziboo ta thukuta.
Iye akufuna kuliphunzitsa kudekha pang'ono.
N'zoona: ndikamapalasa dzuwa la Okutobala
thupi lonse limanyowa, kupatula pamenepo.

Tsitsi lake layamba imvi.
Ana asukulu amabwera kudzamufunsa chimene chinamuyambitsa,
iye amawauza za mphunzitsi wina wa sayansi.
Za koloboyi satchula.
Sanandipepesepo, inenso sindinapemphepo.

Mawa tidzagundanso bampu ija.
Khungu la pamenepo silimva kanthu,
angakhale munga, angakhale madzi otentha.
Ndimangodziwira pa kulemera kwa njinga
kuti watsamira kutsogolo, ndipo wagwira.