Umboni wa Mlonda wa ku Turffontein

Ndili ndi zithunzi mazana anayi ndi ziwiri
m'foni yong'aluka galasi iyi.
Chilichonse chimati: wapambana.
Ndinazijambula ndekha, gawo ndi gawo,
m'kanyumba ka ulonda ku Turffontein,
zala zitauma gwa ndi chisanu cha Juni,
ndikukankha timabokosi m'tinjira topanikiza
mpaka kalikonse katakhala pamalo pake.
Lomaliza ndalitsiriza Lachiwiri.

Akimu amandiseka. Akuti adzakufunse ndani zimenezo?
Iye amasunga malisiti a ndalama zopita ku Ntaja,
m'jumbo, pansi pa matiresi.

Apolisi atandiimitsa pa Noord
ankafuna pepala lomwe ndilibe.
Masiku a m'pasipoti anatha kalekale,
bwana salemba dzina langa paliponse,
malipiro amabwera m'manja, opindapinda.
Zaka zinayi mu Joni muno
popanda chidindo chonena kuti ndinaliko.

Koma gawo la 287 linandidyera milungu itatu.
Ndinalithyola magetsi atathima, mbandakucha,
agalu a ku Rosettenville akuuwa molandizana,
ndipo ola lake linalembeka pakona.

Dzulo foni yati yakhuta.
Amake Tinyade atumiza kanema,
mwana akulakatula kusukulu, ati osajejema,
koma sakutseguka mpaka ndifufute kanthu.

Ndachezera nayo m'manja.
Mathekisi oyamba ayamba kuliza mahutala,
chala changa chikadali m'malere
pamwamba pa gawo loyamba,
lophweka lija, la bokosi limodzi,
la sabata yomwe ndinafika.