Kulira Kosamveka

Mwezi wachitatu Visal anasiya kulira.
Ayi, ndanama: kulira ankalira ndithu,
kukamwa yasa, timanja tikuphupha,
koma mawu osatuluka,
ngati nsomba yovuulidwa m'munda wa mpunga.
Anansi anati ndabala mwana wofatsa.
Kufatsa kwanji kopuma mwaphuma chotero?

Chibadwire chake ndinkadya mpunga woyera mbee,
wopunthidwa ku chigayo cha a Sarun
mpaka gaga yense atathera ku nkhumba.
Mpunga, mchere, tsabola, basi.
Nsomba ayi, nyemba ayi, nyama ayi,
akuti zimadwalitsa mayi wakhanda.
Ndinamvera.
Mabere anadzaza mpaka kunyowetsa malaya,
ine n'kumanyada nawo.

Mvula inali itameza misewu ya ku Prey Veng.
Rithy anakankha njinga yamoto m'matope
mpaka pa phula,
ine m'mbuyo, mwana pachifuwa,
kamtima kake kakugunda pa nthiti zanga
ngati mpheta yogwidwa m'manja.

Namwino Leakhena sanandikalipire.
Anabaya jekeseni pa kantchafu
n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma.
Fani inkazungulira.
Nalimata anachoka pa kalendala, anafika pa zenera, anabwerera.
Kunja kutayamba kuda, mawu anatuluka,
osasa, okanda pakhosi, oipa ndithu.
Rithy anatuluka
n'kukaima nthawi yaitali kuseri kwa thanki ya madzi.

"Mkaka muli nawo wambiri," anatero Leakhena.
"Zina bere limakatenga m'mafupa mwanu,
m'mafuta anu, ngakhale mutagona ndi njala.
Koma vitamini uyu thupi lilibe nkhokwe yake yaikulu.
Mukamudya, amatsikira mumkaka.
Mukapanda kumudya, bere silingamupeke."

Ndinafunsa kumene amakhala.
Anatchula nyemba, nyama, mtedza,
kenako anati, "ndi m'gaga wa mpunga."
Ndinaganiza za nkhumba za a Sarun,
zonenepa, zosalala,
zolira mpaka kumveka kutsidya kwa ngalande.

Funso lina linandikhala pakhosi:
ndiye ndine ndinamumana?
Sindinalifunse.
Iye anali akuwerengera kale timibulu m'kabotolo,
milomo ikuyenda: makumi awiri ndi chisanu ndi chinayi, makumi atatu.
Kamodzi patsiku, ndi chakudya cham'mawa.

Patatha milungu inayi anabwera yekha kwathu,
nsapato m'manja, kukwera makwerero a nyumba.
Anandipempha ndifinyire mkaka m'kachubu
koti kapite ku Phnom Penh, m'bokosi la ayezi,
kolembedwa nambala m'malo mwa dzina langa.
Ndinakakweza pa kuwala kwa pakhomo.
Mkaka womwewo.
Kuyera komweko, kutentha komweko,
fungo lomwe ndimalidziwa chibadwire mwanayu.
Diso la mayi silinaone chimene chinkasowa,
ndipo lero silikuona chimene chabwera.
Izi zimandiwawabe.

Mchemwali wanga Sreyleak ali ndi pakati, miyezi isanu ndi iwiri.
Dzulo ndinamuikira nsomba ndi nyemba pa mpunga wake.
Anati nthawi yosala sinafike.
Ndinati ikadzafika ndidzakhala pakhomo pako,
kabotolo m'thumba, mbale m'manja,
olankhula alankhule.

Tsopano Visal amadzutsa nyumba yonse.
Agalu a pansi pa nyumba amamuyankha,
anansi aja amadandaula m'mawa pa chitsime
kuti mwanayu wasanduka wovuta.

Usiku akayamba, bere limadzaza lokha,
dzanja limapita lokha ku batani la malaya.
Koma pali chimene sindinauzepo Rithy:
ndimayamba ndagona chete mumdima,
maso tong'o, m'kati mwa neti,
n'kumusiya alire pang'ono,
pang'ono chabe,
ndimve.