Matabwa Ayambe Amwa

Chipale chikangosungunuka pa madenga a ku Risør,
Torleif amayamba kusowa pakhomo.
Sindifunsa. Ndimangonunkhiza malaya ake:
phula, vanishi, fumbi la thundu.
Mkazi mnzanga ali m'shedi ya padoko,
wagonekedwa pa mitanda, nthiti zili pamtunda,
ngalawa yamatabwa, dzina lake Gunvor, wobadwa mu 1938,
ndipo palibe wa ife akudziwa kuti Gunvor weniweniyo anali yani.

Tinamugula chaka chimene denga lathu linayamba kudontha.
Denga likudonthabe.

Masabata asanu timakhala chogwada pansi pa mimba yake.
Sindre, wa zaka khumi ndi zitatu, amapala utoto wakale
mpaka zala kuchita matuza,
n'kumang'ung'udza kuti anzake ali ndi maboti apulasitiki
amene sapempha kanthu koma petulo.
Oddny amakhomerera thonje m'mipata ya matabwa
ndi kanyundo kamtengo, go, go, go,
lilime lili kunja ngati akulemba mayeso.
Ine ndimawerenga misomali yamkuwa ndi ndalama,
zonse ziwiri osakwana.

Tsiku lomutsitsira m'madzi, amachucha.
Chaka ndi chaka amachucha.
Madzi amalowa mwakachetechete ngati mlendo wodziwa pakhomo,
kufika m'akakolo,
ine n'kuyamba kukapa ndi ndowa, mtima uli m'mwamba.
Torleif amangokhala padoko ndi khofi wake:
Musiye, matabwa ayambe amwa.
Akakhuta afufuma, agwirana okha.
Masiku atatu.
Lachinayi pansi pauma gwa.

Mu Julaye tinanyamuka kulunjika ku Lyngør
ndi buledi, nsomba zam'chitini, majuzi onunkha chinyontho.
Thanga lofiirira litakwera mlongoti tinazimitsa injini,
panatsala phokoso limene sindidziwa dzina lake,
matabwa kudandaula, madzi kunong'ona m'mbali.
Masana mphepo inatembenuka.
Nyanja inachita tsinya,
chingwe chinam'pulumuka Torleif n'kumusenda chikhatho,
magazi kudonthera pa vanishi amene tinapaka kasanu ndi kawiri.
Anakuwa. Inenso ndinakuwa.
Tinakumbutsana za denga pakati pa mafunde,
za ngongole ya kubanki, za holide imene sitinapite,
mawu a zaka zinayi kutuluka nthawi imodzi.

Potembenuka tinapeza Sindre wagwira chiwongolero
ndi manja onse awiri, mano atalumana,
akudutsitsa Gunvor pakati pa miyala iwiri
imene bambo ake amaiopa ngakhale kuli bata.
Palibe anamutuma.
Palibe anamuyamika msanga, manyazi anatitseka pakamwa.
Oddny yekha, nkhope ili mbuu,
anasanza m'ndowa yanga ija n'kufunsa: Ndiye tafika?

Usiku umenewo, nangula ali pansi, kunja kukukana kuda,
tinagona anayi m'kachipinda ka anthu awiri,
phazi la wina pa khutu la mnzake.
Ndinamumanga Torleif dzanja ndi kansalu kopukutira mbale,
sanandiyang'ane, koma sanalichotse dzanjalo.
Kenako ndinamva Sindre akusisita thabwa la kumutu kwake
mmene amasisitira galu
akaganiza kuti tonse tagona.

Pansi pa mpando wakumbuyo pali zilembo zozokota ndi mpeni,
mayina a eni ake akale, ena ofufutika ndi mchere.
Atatu anamwalira.
Mmodzi banja linatha, n'kugulitsa ngalawa pa mtengo wozizira.
Gunvor anawanyamula onsewo, n'kuwatula,
ndipo ife adzatitulanso
n'kupita ndi ena onunkha phula.

Torleif wanola kale mpeni, akufuna tizokote athu.
Ndamuuza adikire chilimwe china.
Mipata pakati pathu ikuonekabe,
madzi akulowabe.
Ifenso tiyambe tamwa.