Kiyi wa Nambala Folo

Pafomu pali mzere wofunsa kuti,
wachibale wapafupi ndani?
Isikeli anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali,
cholembera chili m'malere ngati mbalame yosowa potera,
kenako analemba: Labasa, Fiji.
Akufuna dzina la munthu, mwanawe, ndinatero.
Amayi alipo, anayankha, koma kuti afike kuno
ndi ndege zitatu ndi malipiro a miyezi inayi.
Ndinalembapo langa. Maureen Thwaite, chipinda chapansi.

Anafika mu Okutobala, mvula ya ku Yorkshire ikuwaza cham'mbali.
Anzake anawachingamira pageti la kampu,
akazi, ana onyamula zikwangwani, agalu akuuwa m'magalimoto.
Iye anakwera basi
ndi chikwama chimodzi chobiriwira.

Ndinampatsa kiyi.
M'mawa ndinampeza kiyiyo patebulo la kukhitchini.
Mawa lake, pomwepo.
Ankayesa ngwobweza ngati mfuti kosungira zida,
kuti penapake pali buku losayinamo.
Kulibe buku kuno, ndinati. Ndi wako.
Ukataya tikadulitsa wina kwa a Patel.

Pabedi sanagonepo milungu isanu.
Ankagona pansi, msana kuchitseko, nsapato kuphazi.
Ndinkadziwa, poti denga langa ndiye pansi pake,
ndipo munthu akamathamanga kutulo
zidendene zimaulula.

Pa 5 Novembala tauni yonse imaphulitsa makombola.
Ndinaiwala kumchenjeza.
Ine, zaka khumi ndi ziwiri pantchitoyi, ndinaiwala.
Ndinampeza kubafa, magetsi ozimitsa,
chimunthu chonse chija chitadzipinda ngati malaya onyowa,
akutchula mayina anayi, kubwereza, kubwereza,
ngati akuitana anthu pamzere.
Sindinamkhudze. Anatiphunzitsa kuti osakhudza.
Ndinakhala pakhomo, nyamakazi ikundilasa m'mawondo,
n'kumamuuza mitengo ya zinthu kushopu,
mkaka wakwera, buledi wakwera, sopo osanena,
mpaka kunja kunati zii.
Pamapeto anafunsa: mazira bwanji?

Lachitatu amapita kwa a Hollis,
kuchipinda cha mipando iwiri ndi wotchi yosalira.
Zimene amakamba si zanga.
Amabwerako maso ali psuu, ndi njala ya anthu atatu.
Milungu ina safika.
Amaima pokwerera basi, basi n'kubwera, basi n'kupita,
iye n'kubwerera manja m'thumba.
Sindifunsa. Ndimangotereka ketulo.

Kwawo kukamacha kuno kumada.
Ndimamumva pamasitepe, mawu atafewa,
akuseka m'chinenero chimene sindimva,
koma ndikudziwa chomwe akunena:
ndili bwino, amayi, ndikudya, kuno kulibe vuto.
Bodza limenelo ndinaliphunzira kale.
Wanganso ankandiuza lomwelo pa lamya yodukaduka
kuchokera kudziko la mchenga,
ndipo nambala folo chinali chipinda chake
chisanakhale ndi nambala.

Mu Januwale anatibweretsera wina, Tikaram wa ku Nepal,
wowonda, wosayankhula, wokhala moyang'ana khomo.
M'mawa kiyi wake anali patebulo.
Ndisanatsegule pakamwa, Isikeli anamkankhira kiyiyo ndi chala.
Kulibe buku kuno, anatero,
n'kupitiriza kupaka batala.

Sindikunena kuti wachira.
Sabata yatha chitseko cha galimoto chinamenyeka mumsewu,
kapu inasweka m'manja mwake, tinasoka masitichi atatu.
Mayina anayi aja akadali naye.
Mwina adzakalamba nawo.

Koma dzulo ndinapunthwa pa nsapato zake m'khonde,
zamatope, ina apa, ina uko,
zovulidwa ndi munthu amene sakuyembekeza kuthawa usiku.
Ndinakalipa monga ndimakalipira aliyense.
Iye anaima pamasitepe akukanda m'mutu,
akusisita matumba onse, la kutsogolo, la kumbuyo.
Mayi Thwaite, anati, pepani,
kiyi uja ndataya.

Ndinavala chikhoti.
A Patel amatseka faifi koloko.